Nyimbo Imene Agogo Anaimeza

Fodya wofwenkha, utsi wa nkhuni za paini ndi mbatatesi yopserera paphulusa: fungo limeneli likangondipeza, ngakhale ndili m'minibasi pa Linthipe, ndimaona agogo anga aNambewe ali pamtondo kuseri kwa khitchini, nkhungu itaphimba phiri, musi ukukwera ndi kutsika, iwo akung'ung'udza kanthu kamene mawa lake kakhale pakamwa pa mudzi wonse. Agogo anali opeka nyimbo. Osati za kutchalitchi, ayi ndithu. Zawo zinali zoluma. Bambo akagulitsa feteleza n'kumwera kachasu, mayi akabwereka sefa osabweza, sabata siinkatha asanamve dzina lake pachimtali. Anthu ankawapatsa moni ndi manja awiri, ena mwaulemu, ambiri mwamantha.

Ine ananditumiza kumudziko, kufupi ndi Kasina, kuti ndizikawatungira madzi, pakuti bambo anga anali kalaliki ku Boma. Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, ndipo chinkadziwa ntchito ya pakamwa ngati pa agogo. Iwo ndiwo ankatsogolera amayi pamisonkhano. Ankaimba zotamanda Mtsogoleri wa dziko, ankaimbanso zonyoza aliyense amene wagwa nacho chipani. Sankafunsa kuti munthuyo walakwanji. Ankangofunsa ngati ali ndi dazi kapena chimimba.

Kuseri kwa mpanda wathu kunkakhala aSitefano, aphunzitsi opuma, amene anaphunzitsa bambo anga kugwira pensulo. Anali ndi nthenda yonjenjemera. Inayamba ndi dzanja lamanja, kenaka mutu, kenaka mayendedwe awo anasanduka timapazi tifupitifupi ngati munthu woyenda pamatope oterera. Kuchipatala cha mishoni kunali dokotala wachizungu amene ankafufuza za nthendayi. Ankawaitana aSitefano kuti aziyenda iye akuona, azilemba, azimanga mabatani a malaya, n'kumawayesa mapiritsi atsopano. Mankhwala akagwira, tinkawaona kudimba akupalira kabichi. Akapanda kugwira, kapu ya madzi inkawathera pachifuwa isanafike kukamwa.

Tsono kunabwera chaka cha chisankho. Opikisana onse anali a chipani chomwecho, ndipo kukopa anthu kunali koletsedwa, koma aliyense ankakopa chamunsimunsi. ASitefano analankhula pamaliro ena kuti phungu amene analipoyo sanapondeko kuchipatala kukaona mmene odwala akugonera pansi. Anangonena kamodzi, chapansipansi. Koma phunguyo anali munthu wa atcheyamani athu a chipani, aZefaniya, ndipo mawu ankayenda msanga kuposa njinga.

AZefaniya anabwera kwathu madzulo ena ine ndikutsuka mbale. Anakana mpando. Anati aSitefano sakudwala, n'chinyengo chabe: tsiku la msonkhano amanjenjemera, tsiku la kudimba amalima, ndipo kuchipatalako amapita kukauza azungu zoipa za dziko. Loweruka kukubwera mlendo wamkulu wochokera ku Boma. Akufuna nyimbo, amayi onse azivina akugwedeza manja ndi mutu, mwini wakeyo atamukhazika kutsogolo, kuti anthu adziwe kuti wonyoza phungu ndi munthu wotani. Atafika pachipata anatembenuka.

"Kodi mwana wanu uja akugwirabe bwino ntchito ku Boma?"

Agogo anayankha kuti akugwira. Ngakhale ine, ndi ubwana wangawo, ndinamva kuti kumeneko kunali kuopseza.

Bambo anamva, anapalasa njinga kubwera. Ndinawamva akudandaulira amayi awo kuti angoimba basi, nyimbo siipha munthu, iwo ali ndi ana asanu ndi nyumba ya boma, ndipo anzawo awiri a muofesi anatengedwa osabwereranso. Agogo ankangofwenkha fodya. Pomaliza anati amva.

Ndipo anaipekadi. Ndinalipo ine, m'mawa kukuzizira kodula zala, tikusinja limodzi. Inayamba ngati kung'ung'udza, kenaka mawu anayamba kugwera m'malo mwake, musi ukusunga mayendedwe. Abale inu, inali nyimbo! Inali ndi pena pamene woimba amachita chibwibwi dala, mapewa n'kumadzigwedezeka okha. Ndinaseka mpaka kukhala pansi, misozi ili mbwembwembwe.

Tili pomwepo, tinamva kukhwekhwereza kwa mapazi kuseri kwa mpanda. ASitefano anali atatuluka kudzaothera dzuwa, kapu ili m'manja, ikugunda mano awo kuti gobedegobede. Mpanda wake unali wa mapesi, woti ngakhale chifuwa cha nkhuku chimamveka. Anamva zonse. Anatsitsa kapu ija, nati ndi mawu awo aang'ono aja, "Mwadzuka bwanji, aNambewe? Yakoma imeneyo."

Agogo anayankha moniwo, koma musi sunakwerenso. Atalowa aSitefano, anandikoka khutu n'kundiuza kuti akadzangondimva ndikuiimba pena pake adzandisoka milomo. Sananene kuti Loweruka achita chiyani. Amayi anzawo akabwera kudzaiphunzira, ankawabweza kuti adzangoyankha pabwalo pomwepo monga mwa masiku onse. Ine ndinkaopa kuti aimba, ndinkaopanso kuti saimba.

Loweruka bwalo la pasukulu linadzaza. Kunali mphepo ija ya kwathu yolowa m'mafupa. Anyamata a chipani a malaya ofiira anabwera nawo aSitefano atawagwira m'khwapa, n'kuwakhazika pakampando kutsogolo kwa tebulo la mlendo. Akazi a aSitefano anatinong'oneza kuti botolo la mapiritsi anyamatawo analanda dzulo lake. Dzanja lija linkamenya bondo osapuma. AZefaniya analankhula nthawi yaitali za anthu odwala mwabodza, ena n'kumaseka, ambiri atayang'ana pansi. Bambo anga anaima kumbuyo, chipewa chili m'manja.

"ANambewe, tiyeni nayo ija!" anakuwa aZefaniya.

Agogo anamanga bwino nsalu yawo ya chipani, anayang'ana oimba ng'oma, n'kukweza mawu. Imene inatuluka sinali ija. Inali nyimbo yotamanda Mtsogoleri, yaitali ija yotchula maboma onse kuyambira kumpoto. Pa nyimbo imeneyo munthu sankakhala pansi. Bwalo lonse linaimirira, mlendo yemwe, manja akuwomba. Itatha, agogo sanapume, analumikiza ina yotamanda. Itatha iyo, ina. Zitawathera zodziwika anayamba kupeka pomwepo: anatamanda Mtsogoleri chifukwa cha msewu, chifukwa cha chimanga, chifukwa cha mbatatesi, mpaka nkhuku za m'mudzi mwathu zinalowamo.

Ndinayang'ana aZefaniya. Ankawomba m'manja, thukuta likutsika m'kuzizira konse kuja. Akanatani? Ndani akanakweza dzanja pamaso pa mlendo wa ku Boma kuti nyimbo ya Mtsogoleri ileke? Kawiri anatsegula pakamwa, kawiri anamaliza ndi kuimba nawo.

Koma aSitefano nawonso anayenera kuimirira, ndipo miyendo inayamba kuwakana. Ndinaona mawondo akupindika. Akanangogwera pampando nyimbo imeneyo ili m'kati, mlandu wake ukanaposa woyamba uja. Agogo anavina chammbali, pang'onopang'ono, mpaka anafika pamene panali aSitefano, analowetsa phewa lawo m'khwapa mwa mkuluyo, anagwira dzanja lonjenjemera lija n'kumaliwombetsa pa lawo. Mawu a agogo anali atasasa, akungotuluka ngati chitseko chadzimbiri, koma sanaleke.

Nkhungu itayamba kutsika m'phiri, mlendo anayang'ana wotchi. Anadikira mpata wopumira ng'oma, n'kunena kuti sanaonepo mudzi wokonda Mtsogoleri ngati uno, koma msewu ndi woipa, ayenera kunyamuka. Galimoto itangolira, anthu anabalalika ngati aona njuchi.

AZefaniya anatipeza panjira. Anawauza agogo chapansipansi kuti achenjera.

"Ndaimbira Mtsogoleri, atcheyamani," anatero agogo ndi timawu totsalato. "Kapena zakunyansani?"

Agogo sanamangidwe. Panalibe chowamangira. Koma nsalu ija anadzalanda, utsogoleri wa amayi n'kupatsa wina, ndipo mwezi usanathe bambo anasamutsidwa kupita kuchigwa cha Shire, kotentha kosagoneka. Ananditenga ine ndemwe. Tsiku lonyamuka sanalowe m'nyumba mwa amayi awo, anangoima pamsewu n'kundiitana. Kumeneko malungo anatisautsa zaka zambiri, ndipo dzina la agogo silinkatchulidwa pakhomo pathu. ASitefano anamwalira tisanabwerere.

Nditakula ndinawafunsa agogo ngati sanadandaule kuti anaimeza nyimbo ija, poti anali atanyozapo anthu ambirimbiri osasowa nazo tulo. Anafwenkha fodya, nati, "Wakuba ukamuimba amasiya kuba. Nanga wodwala ukamuimba asiye chiyani?" Kenaka anaseka n'kupukusa mutu. "Koma inali nyimbo, mwanawe. Sindinapekepo ina yoposa ija."

Masiku ano zipani n'zambiri, ndipo nthawi ya kampeni ikafika ndimamva pawailesi akuluakulu ovala masuti akuseka mnzawo kuti wawonda, akutsimphina, amwe kaye mankhwala. Anthu amakuwa ndi chimwemwe. Ine pakamwa ndinatengera agogo, ana anga angakuuzeni, ndipo nduna yakuba ndimaitafuna mpaka mafupa. Koma zikafika pa thupi la munthu ndimazimitsa wailesi.

Nyimbo ija ndikuidziwabe yonse, ndi pachibwibwi pake pomwe. Tinaimva anthu atatu, awiri anapita. Nthawi zina imandibwerera ndikuchapa, mapewa n'kuyamba okha, ine n'kuluma mlomo. Ana anga saidziwa, ndipo sadzaidziwa.