Mchenga wa ku Chikale Unamuchepera Owen

Owen Manda anayamba ntchito pa loji ina ku Chikale m'chaka cha 2004, nyengo ya mwera, mphepo yamphamvu yochokera kummwera. Ankanyamulira alendo matabwa oseweretsa panyanja, aja okhala ndi thanga loimirira. Pofika chaka chotsatira anali atadziwa kuimirira pathabwapo, ndipo ankaphunzitsa ena. Mwera ukawomba, asodzi ankakhala pamtunda n'kumadandaula. Iye yekha ndiye ankalowa m'madzi.

Mu Meyi 2016 mwini loji anagula makaiti, nsalu zouluka m'mwamba zokoka munthu pamadzi, matanga atang'ambika onse. Alendo nawo anali atasintha. Ena anali otopa ndi thanga, ena anazolowera kutsetsereka pa chipale chofewa kwawo, wina anali dokotala wa mano. Onse ankafuna kukokedwa ndi kaiti.

Owen anaphunziranso ngati mwana, imvi zitayamba. Anakondwera kuti kaiti imakoka m'chiuno, chifukwa mapewa anali atamuthera. Koma thanga ankaimika yekha, pamene kaiti imafuna wina woigwira kuti inyamuke, ndiponso zingwe zake n'zazitali. Mchenga wa ku Chikale ndi waufupi, uku miyala, uku mathandala a usipa. Woigwira anali mkazi wake, Agatha NyaLongwe.

Mphepo ya pamenepo imabwera modukizadukiza. Kaiti inagwera pa thandala la a Mariam, oyandikana nawo, usipa wonse mumchenga. Agatha anatapa usipa wake kukabweza. Inagweranso pa la eni ena, anakapepesanso. Amayi anzake anayamba kumufuulira akamadutsa: "Mwanyamula mbalame ija? Dikirani tiyanule!"

Tsiku lina Owen atayala zingwe, Agatha anangokhala pansi.

"Ada Manda, ine ndatopa. Ndimapemphera nawo anthu amenewa. Maliro anga adzaimba ndi iwowa, osati azungu anuwo."

"Ndiye ndisiye?"

"Sindinatero. Ndati manja anga awa sagwiranso."

Panalibenso wina pagombepo wofuna kuigwira. Alendo anayamba kupitirira kumka ku Kande, kumene mchenga ndi wautali. Owen anayesa kulowa m'bwato la mlamu wake, koma ankangoyang'ana kummwera, maukonde ali m'manja. Mlamuyo anamuuza kuti azikhala kumtunda.

Owen anapinda kaiti m'chikwama, chinthu chopepuka kuposa thumba la makala. Agatha anamuperekeza mpaka pa depoti, n'kubwerera msanga chifukwa usipa unali padzuwa. Owen anakwera minibasi ya ku Kande Lolemba, pa 3 Juni 2019.