Khomo la Bafa la a Pardoe

A Glenys Pardoe anasoka makatani zaka makumi atatu ndi zinayi pa fakitale ina ku Sunshine, mumzinda wa Melbourne, ndipo mpaka lero tepi yoyezera siisowa m'chikwama mwawo. Akalowa m'nyumba ya eni, maso awo amayamba apereka moni kwa mawindo, anthu pambuyo. Amuna awo, a Des, ankayendetsa thiraki ya ngolo ziwiri pakati pa Melbourne ndi Adelaide. Anali munthu wamkulu thupi, wosalankhulalankhula, koma pa chinthu chimodzi ankadzitama: ati palibe geti limene anakanikapo kulowetsa thiraki chafutambuyo.

Sitiroko inawapeza Loweruka lina akutchetcha kapinga. Mbali ya kumanja inafa, mawu anatsala owerengeka. Atayambanso kulankhula m'chipatala muja, chiganizo choyamba chomveka chinali chakuti, "Kosungira okalamba ayi." A Glenys anawagwira dzanja lamoyolo n'kulonjeza.

Nyumba yawo yakale inali pamtunda, masitepe khumi ndi anayi kuchokera pamsewu, choncho anaigulitsa. Kuseri kwa tauni ya Melton, kumene kale kunkadya nkhosa, kampani ina inali itangothira maziko a nyumba zatsopano, ndipo a Glenys anasankhapo imodzi. Anapezanso a Rita Camilleri, amene ntchito yawo ndi kuimira ogula nyumba. Pajatu womanga amakhala ndi maloya ake ndi ogulitsa ake, pamene wogula amangokhala ndi cholembera. A Rita ndiwo anaumirira kuti mu mgwirizano alembemo kuti makomo onse akhale otambalala masentimita 92, kuti chikuku cha a Des chizidutsa.

Lamulo silinkalola a Glenys kuponda pamalopo nyumba ikumangidwa, ati pofuna kuwateteza. A Rita analoledwa kamodzi makoma asanatsekedwe, ndipo anaona kuti khomo la bafa lathina. Analemba kalata. Yankho linabwera msanga: "Tamva, ndipo tikuthokoza potilembera." Kalata zotere ndimazidziwa. Inenso ndinalembapo zambiri ndikugwira ntchito ku khonsolo, ndipo palibe imene inasunthapo msomali.

Patapita miyezi inayi, achipatala anati bedi la a Des likufunika pakutha pa mwezi. Sabata yomweyo kampani inaitana a Glenys kuti akayendere nyumba n'kulandira makiyi. Ine, neba wawo wakale, ndinawatenga pa galimoto yanga chifukwa anaumirira kunyamula chikuku chatsopano cha a Des, chopanda mwini wake.

Pachitseko chakumaso anamangapo liboni yofiira. Kapitawo wa kampani, a Shane Doughty, anatilandira makiyi ali m'kabokosi ngati mphete ya ukwati. A Rita sanayang'ane n'komwe kabokosiko. Anatulutsa tepi yomata ya buluu n'kuyamba kuyendayenda, akumata kachidutswa paliponse polakwika: apa penti yayenderera, apo kabati sikutseka.

"Rita, utisiyireko khoma," anatero a Shane. "Anthu aziyesa tapenta buluu."

"Ukanamanga bwino bwenzi ndikumwa khofi kwathu."

A Glenys anangokankha chikuku kulunjika kubafa. Chinagunda felemu uku ndi uku, n'kuima. Anatulutsa tepi yawo ngakhale maso anali atawauza kale.

"72," anatero.

A Shane anatsegula faelo n'kusolola chikalata chodindidwa. "Mayi, oyendera nyumba anabwera. Taonani apa, alemba kuti nyumbayi ndi yoyenera kukhalamo munthu."

"Munthu wake uti?"

"Munthu... aliyense."

"Takhalani apa, bambo."

"Mayi, ine ndili pantchito."

"Khala, Shane," anatero a Rita. "Kapena ukuopa kuti sukwana? Mapayi a nyama ajatu akuoneka."

A Shane anakhala pa chikukupo, faelo ili pamiyendo. A Glenys anawakankha pang'onopang'ono, monga amakankhira amuna awo m'makhonde a chipatala, mpaka matayala anagunda felemu.

"Tsopano mwapanikizika, mukufuna kuchimbudzi," anatero. "Mwendo uwu sugwira, dzanja ili siligwira. Lowani."

A Shane anayang'ana chimbudzi chija, chili poteropo, mtunda wa mapazi atatu okha. Anadzuka nkhope itafiira. Sanali munthu woipa. Anafotokoza kuti kuseri kwa khomalo kwadutsa mapaipi, ndipo kukulitsa khomo n'kugumula matailosi ndi kumatanso zoletsa madzi, ntchito ya masabata asanu ndi limodzi.

"Tengani makiyi lero, madala abwere kunyumba. Tili ndi masiku 90 okonza zolakwika, zili mu mgwirizano momwemo."

A Rita anawatengera a Glenys m'galaja, ine ndili pambuyo. Anawauza mosabisa kuti akangolandira makiyi, banki imaliza kulipira kampani, ndipo kuyambira pamenepo iwo asanduka munthu woimba foni. A Rita anali ataonapo masiku 90 akukwana chaka ndi theka. Achipatala akanalola a Des kubwera, inde, koma azikasambitsidwa pabedi ndi beseni, chimbudzi chili cha mpando pambali pa bedi pomwepo.

"Nanga ndikakana?"

"Apita kosungira okalamba mpaka khomo litakonzedwa. Kusankha n'kwanu, Glenys. Ine ndingakuuzeni zimene ndaona basi."

A Glenys anaima nthawi yaitali akukulunga tepi yawo pachala, kumasula, kukulunganso. Kenako anabwerera m'nyumba, n'kupempha tepi ya buluu ija kwa a Rita. Sanadule kachidutswa. Anaimata mopingasa khomo lonse la bafa, kuchokera felemu iyi kufika inayo.

"Kabokosi kanuko sungani," anatero kwa a Shane.

Madzulo a tsiku lomwelo a Glenys anakawauza okha a Des. A Des anatembenukira kukhoma. Achipatala anawasamutsira kunyumba ya okalamba ya ku Bacchus Marsh, m'chipinda cha anthu awiri, ndipo kwa masabata awiri sanawalankhule akazi awo ngakhale liwu limodzi mwa ochepa amene anatsala nawo aja. A Glenys ankapitabe tsiku ndi tsiku ndi masikono, n'kukhala pambali pa bedi akupinda makatani a nyumba imene sankaloledwa kulowamo. Ndinawafunsapo ngati akunong'oneza bondo.

"Ndinalonjeza kuti sadzapita kumeneko, ndipo apita," anatero. "Zimenezo n'zanga. Koma mwamuna amene uja sindimusambitsa m'beseni m'nyumba yake yomwe."

Masabata asanu ndi limodzi aja anakwana asanu ndi atatu. A Rita ankaimba foni Lolemba lililonse mpaka a ku ofesi ya kampani anayamba kuwazindikira ndi kupuma komwe. Makiyi anabwera mu envelopu, opanda liboni. Chikalata chodindidwa chija sichinasinthidwe, poti pamaso pa lamulo nyumbayo inali yoyenera kuyambira kale.

Tsiku lofika a Des, a Glenys anagwira zogwirira za chikuku kuti awaonetse zipinda. A Des anakweza dzanja lamanzere kuwaletsa. Ndi dzanja limodzi ndi phazi limodzi anadzikoka okha m'khonde, n'kupitirira khomo la bafa pang'ono. Tinayesa alakwitsa. Anaima, n'kusuzumira paphewa, n'kuyamba kubwerera chafutambuyo, akukhota pang'onopang'ono mpaka chikuku chonse chinalowa osakhudza penti.

Anayang'ana mpata wotsala mbali iyi ndi inayo, kenako akazi awo.

"Tseka chitseko, Glen," anatero.

A Glenys anatseka, n'kutsala panja.