Galu Wanga Wopanda Pepala

Zaka za makuponi zija, ine ndi amuna anga tinali matenanti pa esiteti ina ya fodya ku Kasungu. Kwathu ndi ku Phalombe. Nyumba imene tinkagona inali ya bwana, munda wa bwana, makasu a bwana, ngakhale chimanga chimene tinkadya chinkachokera m'nkhokwe ya bwana. Polemba maina a olandira feteleza wotsika mtengo ankatidumpha, ati ndife obwera, m'kaundula wa mudzi mulibe maina athu. Pamalo onse aja chinthu changachanga chinali chimodzi chokha: galu.

Make wa galuyo ndinamutenga kwa tenanti mnzathu amene ankasamuka chaka chimene ife tinkafika. Ndinapereka nkhuku, poti galu satengedwa chimanjamanja. Anali galu wamba, wofiirira, wamchira wopindika, koma wanzeru kuposa anthu ena amene ndikuwadziwa. Bwana naye anali ndi chigalu chake chachimuna, chamsana wakuda, chimene anachigula ku Lilongwe pamodzi ndi pepala lake. Pepalalo analiika mu felemu pabalaza, pambali pa chithunzi cha ukwati wawo. Alendo akabwera ankawawerengera maina a makolo a chigalucho mpaka agogo a agogo ake, onse akunja. Koma chigalucho sichinkadziwa kuwerenga. Tsiku lina chinadula tcheni n'kubwera kuseri kwa chigafa chathu chowumitsira fodya, ndipo zimene zinachitika kumeneko esiteti yonse inazimva.

Anabadwa ana anayi. Atatu anthu anatenga, aliyense ndi nkhuku yake. Wachinayi, wamwamuna, ndinamukulunga m'chitenje n'kupita naye kwa bwana, poti bambo wake ndi wa kumeneko ndipo ulemu umafuna choncho. Bwana sanandiuze n'komwe kuti ndikhale pansi.

"Chotsani kanyansi kanuko, mayi. Mukufuna kandidzazire utitiri pakhomo pano?"

Ndinabwerera nako mtima ukuwira. Pasanathe milungu iwiri make anagundidwa ndi lole, kagaluko n'kutsala kamasiye. Ndinakalera ndi phala, kukanyambititsa pachala ngati khanda. Chaka chitatha, abale inu! Msana wakuda, chifuwa chotambalala, makutu ali njo. Bambo wake yemweyo, kungoti uyu anali ndi khalidwe. Ndikamasoka fodya ankagona pamapazi anga, ndikapita kumjigo ankanditsogolera.

Bwana anamuona nthawi yothyola fodya. Anaimitsa galimoto, n'kutsika, n'kumuzungulira kawiri.

"Galu uyu ndi wanga," anatero. "Magazi amenewa ndinagula ine, pepala lilipo."

"Ndi kanyansi kaja, bwana. Kautitiri kaja."

"Musandiyankhe mwano. Make uja anabadwira pa esiteti pano, nayenso anali wanga. Ngati mukulimba mutu, Lamulungu tikakumane kwa malume."

Malume amenewa anali a akazi ake a bwana. Malo onse a esiteti anali a mtundu wa akaziwo, bwana anangobwera kudzakwatira. Mkangano uliwonse wa pamalopo unkathera kwa malumewo, eni mbumba.

Amuna anga atamva anagwira mutu. "Mayi a mwana, perekani galuyo. Tikapikisana ndi bwana tikagona kuti?"

"Bambo, khasu ndi lawo, denga ndi lawo, dzina lathu m'kaundula mulibe. Ndiye ndipereke ndi galu yemwe? Toto!"

Koma kukana pakamwa sikunali kokwanira. Bwana anali ndi pepala, ine ndinalibe. Ndinayenera kupeza kumene make wa galu wanga anachokera, ndipo masiku anali asanu okha, fodya atapsa m'munda. Ndinatenga njinga m'mawa, amuna anga akung'ung'udza kumbuyo.

Ndinayambira kwa alangizi a ziweto amene ankabaya agalu katemera wa chiwewe, poganiza kuti m'buku mwawo muli zonse. Anatsegula bukulo, n'kupeza dzina la tenanti uja, kutsogolo kwake atalemba kuti "galu wamkazi, wofiirira". Basi. Tsamba lonselo agalu ake anali ofiirira okhaokha.

"Mayi, ine ndimabaya, sindifunsa kuti make ndani," anatero alangiziwo. Kenako anafunsa kuti chavuta n'chiyani. Nditawafotokozera za pepala la mu felemu anaseka mpaka kupukuta misozi. "Lachidindo cha mutu wa galu pakona? Limenelo ndaliona kwa anthu atatu. Maina omwewo, tsiku lobadwa lomwelo, agalu atatu osiyana, wina mpaka wamkazi. Wogulitsayo amangopanga fotokope. Koma ine musakanditchule, ndimadya nawo anthu amenewa."

Ha! Ndinapalasa njinga ndikuseka ndekha ngati wamisala. Koma umboni wopanda mwiniwake sukanandithandiza, choncho tsiku la msika ndinalowera ku Santhe, kumene ndinamva kuti tenanti uja akukonza njinga. Ndinamupeza akumata chubu. Nditamuuza zimene bwana ananena anaponya chubucho pansi.

"Anabadwira pa esiteti? Bodza lamkunkhuniza! Galu ameneyo ndinakamutenga kwa Lukwa, kwa mayi ena amasiye, pafupi ndi chigayo. Ndinapereka thadzi la kameta, lopanda nthenga m'khosi. Kafunseni."

Mawa lake ndinali kwa Lukwa, matako atatupa ndi chishalo. Mayiwo ndinawapeza akupalira mbatata. Anali aafupi, amawu okuluwika ngati a mwamuna. Sanafune nthawi yoganiza.

"Wamchira wopindika? Ameneyo make anali wamawanga, amene malemu amuna anga ankathamangitsira nguluwe kumunda. Wamawangayo tinatenga kwa alamu anga, tinapereka tambala woyera. Make wa wamawanga anali wa diso limodzi, anachokera kwa aphunzitsi ena, anaomboledwa ndi msoti." Anapitiriza choncho mibadwo isanu, galu ndi nkhuku yake, galu ndi nkhuku yake, osaphonya. Kenako analoza pabwalo. "Za kameta mukuzionazo ndi zidzukulu za thadzi lija."

Ndinamva misozi ikubwera, koma ya ukali. Galu wanga anali ndi makolo odziwika kuposa chigalu cha mu felemu, ndipo panalibe amene anawalemba.

"Mayi, mungapite nane Lamulungu?"

"Bola mundikweze pakaliyala. Ndikufuna ndikamuone munthu amene akuti galu wanga anabadwira kwake."

Lamulungu titaweruka kutchalitchi kunagwa mvula, ndiye tinakhala m'chigafa cha malume, fodya akulendewera pamitu pathu. Matenanti anadzaza m'mbali. Bwana anabwera ndi felemu yake atakulunga m'pulasitiki, n'kuwerenga maina aja mmodzimmodzi, lilime likupindika. Malume, munthu wowonda wokonda kuseka, ankangogwedeza mutu.

Kenako anaimirira mayi a kwa Lukwa, nkhuku ya kameta ili m'khwapa. Anayala mibadwo yawo isanu ija. Pofika pa tambala woyera, mkulu wina kumbuyo anakuwa kuti, "Zoona, ndinadya nawo ameneyo!" Anthu anafa nacho chiseko. Bodza loti make anabadwira pa esiteti linathera pomwepo.

Bwana sanagonje. "Chabwino, make ndi wawo. Koma galu amatengera bambo. Taonani msanawo! Mbewu ndi yanga."

Za fotokope ndinazisunga m'mimba, poti ndinalonjeza. Amuna anga ankandikoka chitenje kuti ndikhale chete. Ndinachotsa dzanja lawo.

"Malume, ndifunse nawo. Ine ndine wobwera, mwina mwambo wa kuno sindiudziwa. Ana a bwana atatu aja, nkhope ndi ya bambo awo, aliyense amaona. Kodi ndi mbumba ya yani?"

Malume anayang'ana bwana, n'kuyang'ana ine, akubisa chiseko.

"Ndi anga," anatero. "Ana ndi a kuchikazi."

"Ndiye bwana abereke ana atatu akhale anu, koma galu wawo akadumpha mpanda kamodzi mwana akhale wawo? Ndinapita naye ndekha pakhomo pawo ali kakhanda, anandithamangitsa ngati ndaba."

Malume anaseka mpaka kutsokomola. "Akamwini, nkhani yatha. Galu ndi wa mayiwa."

Bwana ananyamula felemu yake n'kutuluka pamvula, osaikulunganso. Ine ndinabwerera kunyumba galu wanga ali patsogolo. Amuna anga sanandilankhule masiku awiri.

Fodya atapita kumsika wa okushoni, kapitawo wa pa esiteti anabwera m'mawa, thadzi lalikulu lakuda lili m'manja, miyendo yomanga ndi luzi. Sanatiyang'ane kumaso.

"Bwana akuti nkhuku ndi iyi, monga mwa mwambo. Mupereke galu, mulime chaka chinanso. Mukakana, nyumbayi ikufunika Loweruka."

Ndiye mwambo ankaudziwa nthawi yonseyi! Ndinapsa mtima, koma ndinaopanso, ndisaname. Tinali ndi ana awiri, ndipo ku Phalombe kunalibe munda wotidikira. Kapitawo anaika nkhukuyo pakhonde. Ndinayang'ana amuna anga, ndikudziwa kuti akanena kuti tipereke, ulendo uno sindikhala ndi mawu.

Iwo anayang'ana galu amene anagona pakhomo. Kenako anadzuka, n'kutola nkhuku ija, n'kuibwezera m'manja mwa kapitawo.

"Kawauzeni bwana aphe adye. Ife Lachisanu tikhala titachoka."

Tinachokadi Lachisanu, pa ngolo yobwereka, kupita ku esiteti ina kumene sankatidziwa. Katundu wathu yense sanadzaze ngoloyo. Galu anakana kukwera, anayenda patsogolo pa ng'ombe njira yonse, ndipo podutsa pageti pa bwana sindinamumange chingwe.