Kamunda kamene kanathawa matenanti

Lachiwiri ndinapita ku esiteti ina kuseri kwa Santhe kukakonza zigafa zoumitsira fodya. Ndiyo ntchito yanga. Ndinapeza matenanti ali pa msonkhano, ndiye ndinatsamiritsa njinga n'kukhala pambali.

Nkhani inali iyi. Matenanti a kumeneko ambiri ndi ochokera ku Phalombe. Makuponi a feteleza salandira, chifukwa alibe munda wawowawo, ndipo m'midzi yozungulira amawatenga ngati alendo. Amadya phoso la bwana, limene amadzawadula akagulitsa fodya. Anasankha a Namakhwa, tenanti wakale wa ana asanu, kuti akawalankhulire. Anapita kwa bwanayo kangapo. Pomaliza bwana anavomera kuti banja lililonse lipatsidwe kamunda kolima chimanga chawo. Ukakhala ndi munda, umakhala ndi pakamwa popemphera kuponi.

A Namakhwa atafotokoza, anaimirira a Gondwe. Iwowa si tenanti. Anagwirako ntchito m'tauni, amawerenga kwambiri, ndipo ndi amene anayamba kuwauza anthuwa kuti azigwirizana.

"Kamunda?" anatero. "Mwalima malo onsewa ndi manja anu, lero mukuvinira nyenyeswa? Esiteti yonseyi ndi yanu. Wokhala pansi ndi bwana ndi wogulitsa anzake. Makuponiwo akaneninso, ndi okugonetsani tulo. Lekani kuthirira nazale lero lomwe!"

"Achimwene," anayankha a Namakhwa, "ife timalipidwa pa fodya amene takolola. Nazale ikauma, wauma ndi ndani?"

"Mwagulidwa, madala. Anakuthirirani tiyi wamkaka eti?"

Mayi wina anakuwa kumbuyo: "Inu a Gondwe, phoso akatseka tibwere kwanu ndi mbale?"

Ena anaseka. Ena anaombera m'manja a Gondwe. Msonkhano unasweka pawiri, ndipo mabanja angapo anasiyadi kuthirira.

Madzulo ndinadutsa kwa a Phiri, mphunzitsi wopuma, n'kuwasimbira. Anati zimenezi zili ndi dzina, ndipo analipereka ndi achikomyunizimu eni ake. Iwowa amafuna kuti minda ndi mafakitale zikhale m'manja mwa ozigwirira ntchito. Pa ndale, ofuna zotere amatchedwa a kumanzere. Koma pakati pawo pamatuluka ena amene anzawo amawatcha opitirira kumanzere. Awa safuna kukambirana ndi mdani, safuna kulowa m'nyumba ya malamulo, safuna mabungwe a antchito opempha zochepa. Akufuna zonse, lero. Mnzawo wolandira theka amamuda kuposa bwana.

Ndinafunsa ngati pali amene amadzitcha yekha dzinalo. A Phiri anati ndi ochepa, kawirikawiri limakhala chitonzo. Anandichenjezanso kuti atsogoleri ena amalimata pa aliyense wowatsutsa, ngakhale akunena zoona.

Tsono ndinene zanga.

A Gondwe sananame. Utenanti ndi wowawa. Munthu amalima chaka chonse n'kubwerera kwawo ndi chikwama chomwe anabwera nacho. Kuponi nayenso sachotsa umphawi, ndikudziwa. Ndipo pakanapanda iwo, mwina matenantiwo sakanayamba n'komwe kulankhula.

Koma kunena zoona ndi kwina, kudziwa nthawi ndi kwinanso. Ndani amene akanawapatsa esiteti Lachiwiri lija? Matenantiwo anali ndi chiyani m'manja? Nkhokwe alibe. Kwawo ndi kutali, ya basi alibe. Munthu wodya phoso la mdani wake sangamenye nkhondo yaitali. Kamunda kaja kakanawapatsa chimanga chawo, ndipo wa chimanga chake angathe kukana mawa osaopa njala. Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. A Gondwe anathamanga okha, n'kumatukwana otsalira.

Khalidweli silili pa esiteti pokha. Lili m'makalabu a alimi, lili m'mipingo, lili m'makomiti a sukulu. Pamakhala munthu mmodzi woyera kuposa onse. Chilichonse chimene mwapeza, iye akuti n'chochepa. Sasenza mtolo, choncho salakwa. Kodi simukumudziwa kwanuko?

Lachisanu ndinabwerera kukamaliza ntchito. Kapitawo anali atalengeza kuti za minda zatha, bwana sangapereke malo kwa anthu oumitsa nazale. Mwina bwanayo ankangofuna chifukwa. Osiya kuthirira aja anamupatsa chifukwacho.

A Namakhwa ndinawapeza akuthirira mbande zofota za mnansi wawo, mmodzi wa amene anaombera m'manja.

"Nanga a Gondwe?" ndinafunsa.

"Akuti ife sitinakhwime. Apita ku Wimbe, kuli matenanti ena."

Kalembera wa makuponi watsala pang'ono kutsekedwa, ndipo mitambo yayamba kusonkhana. Ana a a Namakhwa adzadyanso chimanga cha ngongole chaka chino.

A Gondwe, ngati mukuwerenga: a ku Wimbewo mukawauza kuti akane theka, lonselo mudzawabweretsera liti, ndipo podikirapo azidya chiyani?