Hadi ya abambo inatsala ku Migowi

Anandilanda mawu a abambo anga. Sanali akuba ayi. Anali amalume anga enieni, masanasana pa msika wa Migowi, ndipo mpaka lero iwo amati anandithandiza.

Ndinali Sitandade 8 pamene abambo anamwalira. Anali kalaliki wa ogula nandolo, ndiye anali ndi laputopu yakale, yolemera ngati njerwa. Achibale awo atabwera kudzagawana katundu anatenga njinga, wailesi ndi malata amene anali asanakhomedwe. Laputopuyo amayi anaibisa m'thumba la chimanga, inapulumuka. Munali timavidiyo. Abambo ankakonda kuiika pa mpando pakhonde, kwathu ku Jenala, n'kumadzijambula akuimba nyimbo za tchopa m'Chilomwe, akumenya chidebe m'malo mwa ng'oma. Mu kavidiyo kena ndinalimo ine. Ankandiphunzitsa mawu a nyimbo, ine ndikupotoza lilime, iwo n'kumaseka mpaka kutsokomola. Ndinkakatchajitsa laputopuyo pa golosale ya sola kuti ndingomva kuseka kumeneko basi.

Kenako hadi disiki inayamba kudwala. Hadi ndi kabokosi kachitsulo ka mkati mwa kompyuta, kamene kamasunga zonse. Yathu inkalira ngati chiswe m'denga la udzu, ndipo ukayatsa unkatha kupita kumjigo n'kubwerako isanadzuke. Mphunzitsi wina wa ku Dedza ataimvetsera anati ndisachedwe, ndigule hadi yatsopano ndisamutsiremo zinthu isanafe. Ndinapalira m'minda ya anthu, ndinagulitsa nandolo wa pa kandime kanga, ndalama zinakwana.

Amayi anakana kuti ndipite ndekha. Kwathu nkhani ya mwana imayenda ndi malume, kaya ndi ya ukwati, kaya ndi ya kompyuta imene malumeyo sanaigwirepo chibadwire. Ndiye tinanyamuka ndi amalume Fulaye, mlongo wawo wa amayi, pa njinga yawo: iwo kutsogolo, thumba lawo la nandolo pakaliyala, ine pamwamba pa thumbalo nditakumbatira laputopu yokulunga m'chitenje. Fumbi linkalowa mpaka m'mano.

Ku Migowi kunali kashopu kobena nyimbo, koikira anthu nyimbo m'madisiki ndi m'mafoni, mwini wake aliyense ankangomutcha Injiniya. Sipika inkagunda mpaka mabotolo a patebulo ankavina. Munkanunkha waya wopsa ndi mafuta a tchipisi a pa chiwaya chapafupi. Injiniya anamasula laputopu, anatulutsa hadi yatsopano yopepuka ngati bisiketi, n'kundiuza zoona zake. Anati yatsopanoyo imathamanga koma ndi yaing'ono, ndiye asamutsa sisitimu yokha, ija imene imadzutsa kompyuta. Timavidiyo titsala mu hadi yakale, ndipo ndikadzagula kachingwe ndizidzailumikiza pambali n'kumaonera. Ndinamva bwinobwino. Amalume ankangogwedeza mutu, maso ali kunja kwa ogula nandolo.

Kusamutsako kunachedwa. Kamzere kobiriwira kankakwawa ngati nkhono, magetsi anazimako, Injiniya anayambiranso. Amalume anatopa.

"Iwe mphwanga, ukungoyang'ana galasilo ngati likupatsa mkazi? Pita ukaime pa mzere wa sikelo ndi thumba lija, asatidumphe."

Ndinapita. Ndinaima padzuwa ndikulondera nandolo wa munthu wina. Amalume atandipeza anali atanyamula laputopu, akumwetulira ngati apha nyama. Ndinaiyatsa pomwepo, inadzuka ndisanaphethire. Anandigulira zitumbuwa. Njira yonse yobwerera ndinkaimba.

Kunyumba ndinati, "Amalume, hadi yakale ija mundipatse."

"Iti? Chitsulo chakutha chija? Ndamusiyira. Wachotserako mtengo, zitumbuwa zija wadya wekha."

Ndinati muli abambo mmenemo.

"Abambo ako ali kumanda, usandiopseze. Ukapita kuchigayo gaga umasiyira mwini chigayo. Ukasintha chubu cha njinga chakale chimatsala kwa makaniko. Umafuna ndibwere nacho ndidzaphike?"

Amayi anangoti, "Achimwene, mwanayu anakuuzani." Mkazi sakalipira mlongo wake pamaso pa mwana, makamaka mlongo amene akumulimira munda.

M'mawa sindinapite kusukulu. Ndinayenda wapansi mpaka ku Migowi. Injiniya ndinamupeza akudya chinangwa, hadi ya abambo ili pambali pake, italumikizidwa kale ku kompyuta yake.

"Aaa, mfana, wachedwa. Ndaifomata dzulo lomwe. Ndinawafunsa madala aja kuti muli zofunika? Anati ndi masewera a ana."

Kufomata ndiko kusesa zonse. Ndipo sanangosesa. Anali ataidzaza mpaka pakamwa ndi mafilimu a karate, oti akagulitse kwa oonetsa kanema. Ndinamupempha ayese kubweza. Anayesadi, sindimunamizira. Zimene zinabwerako ndi chithunzi chimodzi chodukaduka cha sikelo ya nandolo. Sikelo! Panja sipika inkagundabe, ine ndinakhala pa benchi yake ndikulira, anthu odzabenetsa nyimbo n'kumafunsana ngati ndabedwa foni.

Amalume atamva kuti ndalira pa msika anakwiya kuti ndawachititsa manyazi. Madzulo ake anafewa. Anati, "Basi, tikakolola ndidzakugulira ina yoposa imeneyo." Mpaka lero sanamvetse kuti vuto silinali chitsulo.

Sukulu ndinaisiyira Fomu 2, fizi inavuta, ndipo sindikufuna ulaliki wa munthu pa nkhani imeneyo. Pano ndili ndi tebulo langa pakhonde la sitolo ina pa Migowi pomwepo, ndimagwira ntchito yomwe ija. Zinthu zinasintha. Kusamutsa sisitimu sikudyanso tsiku lonse, ndipo ana a masiku ano zithunzi zawo zimakhala pa intaneti, foni ikagwera m'chitsime amangogula ina zonse n'kubwerera. Koma khalidwe losiyira makaniko chakale lilipobe. Aphunzitsi, anamwino, anthu ovala mataye, onse amati, "Yakaleyo tengani, mutichotsereko." Ndimakana. Ndimaikulunga m'pepala, ndimaiika m'manja mwa mwini wake, osati mwa amene wamuperekeza. Ena amati ndine wamwano. Anene.

Nyimbo za abambo ndimakumbukirako chuni chokha, mawu a Chilomwe aja anathawa. Kuseka kwawo ndimayesa kukukumbukira, koma kumabwera kwa munthu wina.

Amalume akadali moyo, akadali ndi njinga yomwe ija. Tsiku la msika amaima pa tebulo langa, amanditambasulira memore khadi kuti ndiwaikiremo nyimbo za kwaya, ulere, poti ndine mwana wa mlongo wawo. Ndimawaikira. Akamachoka amati, "Za hadi ija sindinaiwale, mphwanga, chaka chino nandolo akachita bwino." Ngongole yawo ndi hadi imodzi, yakale, yolira ngati chiswe, muli abambo anga akuseka. Ina iliyonse asavutike n'kubweretsa.