Galu wa bwana anatiluma awiri

Galu wa bwana wa esiteti anayamba ndi ine. Nthawi imeneyo tinali matenanti, ndipo tsikulo ndinali m'chigafa ndikusoka fodya. Ndinatambasula dzanja kuti nditole masamba, osadziwa kuti chigalucho chagona kuseri kwa mulu. Chinandiluma pamkono wamanja, pafupi ndi chigongono.

Amuna anga anabwera akuthamanga, zimenezo sindingawanamizire. Koma nditatchula zakuchipatala ndi kupolisi, anandiyang'ana ngati ndapenga. Akuti munthu susumira mwini munda umene ukudyapo. Anakapempha ubweya wa galuyo kwa mlonda, n'kuuwotcha, phulusa lake n'kundipaka pabala monga timachitira kwathu. Nkhani inathera pomwepo, ine n'kumasoka fodya ndi ululu mpaka bala linapola lokha.

Fodya atagulitsidwa, galu yemweyo analuma mayi wina wamasiye amene ankabwera kudzagulitsa mandasi paesitetipo, wamano oyera, woseka ndi aliyense. Apa ndiye ndinawaona amuna anga achilendo. Anamunyamula panjinga mpaka kuchipatala, mawa lake kupolisi, ndipo masiku onse a jakisoni ankamupalasira ndiwo. Za ubweya sanazitchule n'komwe. Akuti chiwewe si choseweretsa. Kaya ine chiwewecho chimandiopa, sindikudziwa.

Nsanje inandigwira, sindibisa. Mandasi ndinasiya kudya mpaka lero. Ndikafunsa, yankho linali limodzi, lakuti ndi chifundo chabe, mnzathuyo alibe womuthandiza.

Mayiyo anasumira bwana kukhoti ku boma, amuna anga n'kukhala mboni yake. Mantha a munda aja anathera kuti, ndani akudziwa. Nanenso anandiitana, kuti ndikasonyeze kuti galuyo sanayambe lero kuluma anthu. Ndinafuna kukana, koma mumtima ndinati mwina kumeneko, pamaso pa anthu, bambowa akanenako za ululu wanga. Ndinavala chitenje changa chatsopano, ndi bulauzi ya manja aatali.

Kukhotiko, oyamba kuitanidwa anali amuna anga. Ndinalibe kudziwa kuti ndinakwatiwa ndi munthu wodziwa kulongosola chonchi. Bala la mayi uja analifotokoza ngati analijambula: mwendo wamanzere, pakatumba, mano akumwamba analowa kwambiri, magazi anafika mpaka m'patapata. Mayiyo anali atawerama, akupukuta misozi ndi kansalu.

Kenako woweruza anafunsa ngati galuyo analumapo munthu wina kale.

"Eya, bwana. Analumanso akazi anga, awo akhala apowo."

"Anawaluma pati?"

Amuna anga anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ngati munthu wofuna nkhuku yake pakati pa nkhuku za eni.

"Pamwendo, bwana. Ndikhulupirira ndi wamanja."

Nthawi yanga itakwana sindinanene zambiri. Ndinapinda dzanja la bulauzi, n'kukweza mkono kuti khoti lonse lione chipsera. Anthu ena anaseka chamunsimunsi. Mlandu mayi uja anawina, ndipo akuti chipsera changa ndicho chinamuthandiza kwambiri.

Madzulo ake ndinawathirira amuna anga madzi osamba m'manja monga mwa masiku onse, ndi mkono womwewo. Anauyang'anitsitsa kwa nthawi yaitali. Ine ndinangotsitsa dzanja la bulauzi.