Mofini wa Mayi Zipi

Mumsewu wa matelala munalibe amene ankamutchula dzina lake lenileni. Onse ankangoti Mayi Zipi, chifukwa kashopu kake, kopanikizika pakati pa wometa ndi wokonza mafoni, kanali ka zipi, mabatani, lasitiki, ulusi ndi singano za makina. Telala akabwera ndi kachidutswa ka nsalu, iye ankangokaponyera diso kamodzi n'kupisa dzanja kumbuyo osacheuka, ulusi wofanana ndendende n'kutuluka. Ankagulitsa atakhala pampando wautali, mwendo wamanzere atauwongolera pakatoni. Nyonga yake inaphwanyika kalekale, lole ya katundu itagubuduzika iye ali pamwamba pa mabelo, ndipo mafupa analumikizana mokhota. Chiyambire pamenepo ululu unakhala m'thupi mwake ngati mlendo wosatsanzika.

Anayesa mapiritsi onse a m'golosale mpaka m'mimba munayamba kutentha. Pomaliza akuchipatala anamupatsa mofini wamadzi, wa m'botolo lakuda, woyeza ndi sirinji yopanda singano. Mankhwalawo anamubwezera moyo. Anayambanso kutsegula shopu m'mawa, kuseka ndi makasitomala, ngakhale kulota zotsegula ina kutsidya kwa msewu.

Woyeza anali mwamuna wake. Bamboyo ntchito yake ya m'nyumba yosungira katundu inatha, ndiye anadzipatsa ya botololo. Ankalisunga yekha, kuyeza yekha, masana n'kubwera kushopu ndi kakapu kovindikira. Matelala anamupatsa dzina lakuti Adokotala, ndipo akazi a mumsewumo ankanyozera amuna awo pa iye. Patapita nthawi anayamba kusakaniza mankhwalawo ndi madzi a shuga. “Kuti musamachite tsinya pamaso pa makasitomala, mayi,” ankatero.

Chaka chathachi ululu unabwerera. Mayi Zipi ankapita kuchimbudzi chokwawa, kugwira khoma, kugwira chitseko, thukuta lili kamukamu. Kuchipatala anamuwonjezera mlingo. Sizinathandize. Anawonjezeranso. Tsiku lina wopereka mankhwala anamufunsa pawindo, mokweza kuti pabenchi ponse amve: “Mayi, mofiniyu mukumwa kapena mukusamba?” Anthu anaseka. Iye anabwerera kunyumba akulira, ndipo anapepesa mwamuna wake chifukwa chomutopetsa.

Ndiye madokotala anati palibenso china, nyongayo ichotsedwe aikepo yachitsulo. Odziwa opaleshoni imeneyo ankabwera mwa apo ndi apo, ndipo amene waphonya ulendo uno ankadikira mpaka kuiwala. Mayi Zipi anasiyira mng'ono wake shopu n'kukagonekedwa kutatsala tsiku limodzi.

Dokotala wogonetsa odwala anali mtsikana wamagalasi, wolankhula mosathamanga. Anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi bedi.

“Mwachita bwino osasiya mankhwala anu,” anatero. “Ena amasiya okha poopa ife, n'kudzavutika kawiri. Thupi lanu linazolowera mofini, ndiye mawa tikamaliza lidzafuna wochuluka kuposa wa munthu wamba. Ine ndiyambira pa mlingo umene mumamwa kunyumba, n'kuwonjezera pamwamba pake. N'chifukwa chake ndikufuna mundiuze zenizeni.”

Mwamuna wake ndiye anayankha. Anatchula mlingo, anatchula nthawi, osaphonya. Botolo lakunyumba namwino analitenga n'kukalitsekera m'kabati, chifukwa muwodi amapereka mankhwala awoawo.

Masana namwino anabwera ndi sirinji n'kumuthira mkamwa mlingo womwewo. Unali wowawa mpaka m'makutu. Posakhalitsa denga linayamba kutalikira, mawu a anthu n'kumamveka ngati ali m'chitsime. Anadzidzimuka wina akumumenya mbama zing'onozing'ono, chipangizo cha mpweya chili kumphuno, masanzi atayenderera m'khosi mpaka papilo.

“Munali kupita, mayi,” namwino anatero uku akumupukuta. “Kupuma munaiwala.”

Dokotala wamagalasi uja anabwera nkhope itasintha. “Mlingo umene mumamwa tsiku lililonse sungakugwetseni chonchi. Mwina ndi impso, tiyeza magazi. Koma ndikuuzeni poyera: ngati pofika madzulo sindimvetsa chimene chachitika, mawa sindikugonetsani. Sindingaike mankhwala m'thupi limene sindikulidziwa.”

Atachoka, Mayi Zipi anatembenuka kuti aone mwamuna wake. Ankayembekeza nkhope ya mantha. Anaona munthu akuyasamula, kuyasamulanso, misozi ndi mamina zikutsika, shati itanyowa m'khwapa ngakhale muwodi munkazizira. Mwendo wake unkagwedezeka mpaka kakabati kachitsulo ka pambali pa bedi kankalira. Ankanunkha thukuta lowawasa. Maso ake sanali pa mkazi wake. Anali pa kabati ya anamwino.

“Kodi botolo lathu lija atibwezera?” bamboyo anafunsa. “Lingasokonekere ndi a anthu ena. Bola ndikalisunge kunyumba.”

Thukuta limenelo Mayi Zipi ankalidziwa. Kuyasamula kumeneko ankakudziwa. Zinkamuchitikira iye mwini mankhwala akachedwa. Mutu wake wa malonda unagwira ntchito wokha: mlingo womwewo, kunyumba osagwira, kuno n'kufuna kumupha. Katundu wa kunyumba ndiye anali wosakwanira.

“Abambo,” anatero chapansipansi, “m'botolo muja mwatsala mofini kapena madzi a pampopi?”

“Mukuti chiyani, mayi? Mankhwala akukulankhulitsani.”

“Pukutani mamina kaye, kenako mundiyankhe.”

Bamboyo anapukuta ndi mkono wa shati. Anayang'ana mayi wa pabedi loyandikana, amene ankanamizira kugona, kenako anawerama.

“Linali dzino lija. Mukukumbukira mmene ndinatupira tsaya? Ndinangolawa pang'ono. Kenako tulo tinkavuta...”

“Madzi munkathira ochuluka bwanji?”

“Pang'ono basi, kuti botolo lisaoneke kutsika.”

“Theka?”

Bamboyo anapukutanso mphuno.

“Kuposa theka?”

“Masiku ena,” anatero.

 Mayi Zipi anakumbukira mawondo ake pasimenti yonyowa ya kuchimbudzi, bamboyu ataima pakhomo ndi thawulo akuti pepani mayi, limbani mtima. Anakumbukira akumuperekeza kukapempha kuti awonjezere mlingo, atamunyamulira chikwama, akumuuza mawu oti akanene. Nthawi iliyonse imene iye ankachita manyazi pawindo paja, amene ankapindula anali atakhala pabenchi, manja atapinda ngati ali m'tchalitchi.

“Ndiye ine ndinkakuoderani,” anatero. “Ine wokwawa, inu wogona tulo tabwino.”

“Musakweze mawu, chonde. Tamverani. Akabwera muwauze kuti simunadye, n'chifukwa chake akugwetsani. Opaleshoni ichitika, tibwerera kunyumba, ine ndisiya. Ndikulumbira. Mukanena, anditengera kupolisi. Inunso sadzakupatsaninso botolo. Nanga mumsewu muja adzati chiyani?”

“Ndikanama, mawa andithira wochuluka kuposa wa lero. Lero mwaona?”

“Anamwino alipo, akudzutsaninso.”

Mayi Zipi anamuyang'ana. Milomo ya bamboyo inali youma, m'mbali muli thovu loyera. Dzanja limene linkamusisita msana zaka zonsezi linali pa bulangete. Mayi Zipi anakoka bulangetelo kuti lichoke pansi pa dzanjalo.

Koma mantha nayenso anali nawo. Akanena, mwina dokotala aimitsa zonse kuti ayambirenso kumuyeza, madokotala a nyonga n'kupita. Mwina amulemba kuti ndi wa m'nyumba yosadalirika, mofini osamupatsanso, n'kutsala ndi mwendo womwewo popanda chothandiza. Anagona choyang'ana kudenga, akuwerengera mbali zonse ziwiri, ndipo mbali ya bodza inkathera malo amodzi okha.

Dzuwa litapendeka dokotala anabwera. “Impso zanu zili bwinobwino, ndiye ndasokonezeka kwambiri.”

“Sanadye m'mawa, adokotala,” bamboyo anafulumira.

“Ndinadya,” Mayi Zipi anatero. “Adokotala, katengeni botolo lakwathu mulione. Ndi madzi. Mlingo umene anakuuzani uja ndi wa anthu awiri, ndipo waukulu ankamwa ndi awa.”

Mayi wa pabedi loyandikana anatsegula maso n'kudzuka kukhala tsonga. Dokotala anavula magalasi, anayang'ana bamboyo kuyambira kumaso mpaka ku mwendo wogwedezekawo, ndipo sanafunsenso umboni wina.

“Mwandithandiza, mayi. Ndikanakupatsani zimene ndinakonza, sindikudziwa ngati mbama zikanakwanira.” Anaganiza pang'ono. “Ndilankhula ndi anzanga, koma ndikuona kuti opaleshoni ichitika. Tikutengani ngati munthu womwa pang'ono. Tibaya mankhwala ochititsa dzanzi kumsana, mofini tiyamba ndi wochepa n'kumakwera tikukuyang'anirani. Masiku oyamba mumva ululu ndithu, sindikunamizani. Za mankhwala a kunyumba tikambirana, koma wosunga akhale wina.”

“Mng'ono wanga,” Mayi Zipi anatero.

“Inu bambo, nditsateni. Mukudwala, ndipo kusiya nokha mwadzidzidzi simungathe. Kuli anzanga amene amathandiza zimenezi.”

Bamboyo anaimirira. Anathamangira kukhonde, ndipo wodi yonse inamumva akusanza mu ngalande.

Opaleshoni inachitika m'mawa mwake. Dzanzi litatha, ululu unabwera wolusa, ndipo Mayi Zipi anatukwana mawu amene mng'ono wake sankadziwa kuti amawadziwa. Namwino ankamupatsa pang'ono, kudikira, kumuyang'ana kapumidwe, n'kuwonjezera pang'ono. Kamlingo kochepa, koti kunyumba akanakaseka, kanagwira. Anagona, ndipo anadzuka yekha.

Mng'ono wake anali pampando, atanyamula fulasiki.

“Alamu ali panja, achemwali. Akuti anapita kumene anawatumiza kuja, ayamba kulandira thandizo. Akuti akuphikirani tiyi, mmene mumakondera.”

“Apitirize kupita kumeneko.”

“Ndiwauze alowe?”

“Ayi.”

“Nanga tiyiyu?”

“Kakhuthule musinki. Fulasikiyo ukawabwezere, kenako undigwire mkono. Anamwino akuti lero ndiyese kuima.”